Maso Ooneka Otopa Kapena Achisoni: Dziwani Kaye Gwero Lake Musanawononge Ndalama

"Mwadwala kodi?" "Usiku simunagone?" "Wakukhumudwitsani ndani?" Pali anthu amene amafunsidwa mafunso amenewa pafupifupi tsiku lililonse, kuntchito, kutchalitchi ngakhale pamsika, chonsecho thupi lili bwinobwino ndipo mumtima mulibe kanthu. Chimene ofunsawo amaona ndi maso basi: m'munsi mwake mwada, kapena mwatupa, kapena zikope zagwa moti nkhope yonse ikuoneka ngati ya munthu wochokera ku maliro.

Ambiri akatopa ndi mafunsowa amathamangira kukagula mafuta amene mnzawo wawauza kapena amene awaona pa Facebook. Pakatha mwezi osaona kusintha amagula ena. Pamene pamavuta ndi poti maso ooneka otopa ali ndi zifukwa zingapo, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Mafuta sangadzaze malo amene alowa m'kati. Tulo sitingakweze chikope chimene mnofu wake wafooka. Opaleshoni singachotse kuda kwa khungu. Choncho ntchito yoyamba, yomwenso ndi yaulere, ndi kudziwa kuti vuto lanu ndi liti.

Imani pa galasi masana

Sambani kumaso, musadzole kanthu, ndipo muime ndi galasi pafupi ndi zenera. Ngati muli ndi chithunzi chanu cha zaka 5 kapena 10 zapitazo, chiikeni pambali kuti muyerekeze. Yang'anani zinthu zisanu izi.

Choyamba ndi kuda kwa khungu lenilenilo. Kokani pang'ono khungu la m'munsi mwa diso ndi chala. Likakhalabe loderapo ngakhale mwalitambasula, ndiye kuti ndi mtundu wa khungu umene wachuluka pamenepo. Zimenezi n'zofala kwambiri mwa ife a khungu lakuda. Ena ndi zakumtundu, ena zimabwera chifukwa cha dzuwa, ziwengo, kapena chizolowezi chotikita maso.

Chachiwiri ndi mthunzi. Ena ali ndi kamzere kolowa m'kati kochokera pakona ya diso pafupi ndi mphuno kutsikira ku tsaya. Kwezani nkhope kuti kuwala kugwere mwachindunji. Kuda kuja kukazimiririka, khungu lanu lilibe vuto. Ndi mthunzi chabe wa malo olowawo. Umakula munthu akamakalamba kapena akaonda mofulumira.

Chachitatu ndi kutupa. Kutupa kwa m'mawa kumene kumaphwa pofika masana ndi madzi amene asonkhana usiku. Koma timatumba tosachoka tsiku lonse, timene timatukuka kwambiri mukayang'ana kumwamba, ndi mafuta a thupi amene amakuta diso. Akankhira kutsogolo chifukwa minyewa yowagwira yafooka.

Chachinayi ndi chikope cholemera, chomwe ndicho chimapereka nkhope yachisoni. Kwezani nsidze ndi chala. Diso likatseguka bwino, ndiye kuti chatsika ndi nsidze ndi khungu la pamphumi. Ngati pali khungu lopindika limene likulendewera pamwamba pa diso, ndi khungu lochuluka la chikope. Koma ngati m'mphepete mwa chikope mwatsika mpaka kuyamba kuphimba mwana wa diso, vuto lili mu mnofu umene umakweza chikopecho.

Chachisanu ndi kufiira kapena kuderapo kwa mbali yoyera ya diso, kumene kawirikawiri kumabwera ndi utsi, fumbi, kuuma kwa maso ndi kuyang'ana foni nthawi yaitali.

Anthu ambiri amapeza kuti ali ndi ziwiri kapena zitatu pa zimenezi.

Pamene nkhani si ya maonekedwe ayi

Nthawi zina maso amalengeza matenda amene ali kwina m'thupi. Musaphimbe ndi phoda zizindikiro zotsatirazi. Pitani nazo kuchipatala.

Kokerani pansi chikope cha m'munsi n'kuona m'kati mwake. Muyenera kukhala mofiira. Mukakhala motuwa, makamaka ngati mumatopa msanga, kuchita chizungulire kapena kupuma mwawefuwefu, mwina magazi achepa. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kutaya magazi ambiri pamwezi ndi kusowa kwa zakudya zina ndizo zimachititsa zimenezi kuno kwathu, ndipo kuyeza magazi sikutenga nthawi.

Kutupa kwa zikope m'mawa uliwonse pamodzi ndi kutupa mapazi kapena mkodzo wa thovu kungakhale chizindikiro cha matenda a impso, kaya ndi wamkulu kaya ndi mwana. Mayi woyembekezera amene watupa kumaso ndi m'manja, mutu ukumupweteka kapena akuona zinthu mwachimbuuzi, asadikire tsiku la sikelo: akayezetse kuthamanga kwa magazi tsiku lomwelo.

Chikope chimene chagwa mwadzidzidzi, makamaka ngati munthu akuona zinthu ziwiriziwiri, mutu ukuwawa kwambiri, pakamwa papotoka kapena mkono wafooka, ndi nkhani ya changu. Chikope chimene chimakhala bwino m'mawa n'kumagwa madzulo chimafunanso dokotala, chifukwa pali matenda ofooketsa minofu amene amayamba motero. Maso otong'oka pamodzi ndi kuonda ndi kugunda kwa mtima amaloza ku chithokomiro. Mwana wobadwa ndi chikope chophimba diso apite naye msanga, poti diso lophimbidwa paubwana siliphunzira kuona bwino.

Madokotala a maso amapezeka ku Lions Sight First Eye Hospital pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, komanso pa zipatala zazikulu za Zomba ndi Mzuzu. Ku Zambia kuli chipatala cha maso cha UTH ku Lusaka. Poyambira ndi kuchipatala cha boma lanu, kumene angakupimeni ndi kukutumizani.

Zimene mungachite pakhomo

Ngati zoopsazi palibe, yambani ndi njira zosalira ndalama, ndipo muzitsatire kwa mwezi wathunthu musanagamule kuti sizikuthandiza.

Gonani mokwanira. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9. Kwa amene amadzuka atatupa maso, kuwonjezera pilo kuti mutu ukhale m'mwamba pang'ono kumathandiza kuti madzi asasonkhane m'zikope. Kugona chafufumimba kumawonjezera kutupako.

Ziziritsani. Viikani kansalu koyera m'madzi ozizira, a m'furiji kapena a mumtsuko, kafinyeni, n'kukaika pamaso mutatsinzina kwa mphindi 10. Kuzizira kumafinya timitsempha ta magazi ndipo kutupa kumaphwa. Tizidutswa ta nkhaka yotsuka bwino kapena timatumba ta tiyi tozizira timagwiranso ntchito yomweyo. Musaike ayezi pakhungu mwachindunji, mukulungeni m'kansalu. Dziwani kuti njirayi ndi ya kutupa kwa madzi kokha, ndipo mphamvu yake ndi ya maola ochepa.

Chepetsani mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, omwe sadzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Werengerani ndi mchere wobisika wa m'nsomba zouma zothira mchere, tchipisi, soseji ndi timibulu tokometsera ndiwo. Mowa wa madzulo umaonekera m'maso m'mawa, ndipo fodya amakalambitsa khungu la m'zikope msanga.

Siyani kutikita maso. Khungu la pachikope ndi lopyapyala kuposa la pena paliponse m'thupi, ndipo khungu lakuda likamakhulidwa kawirikawiri limayankha mwa kuda kwambiri. Ngati maso amayabwa, monga zimachitikira ambiri m'miyezi ya fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kansalu kozizira kamachepetsa kuyabwako, ndipo kuchipatala kuli mankhwala a ziwengo. Ana amene maso awo amayabwa chaka ndi chaka mpaka kuderapo akaonedwe ndi dokotala wa maso.

Thawani utsi. Mayi wophika ndi nkhuni m'khitchini yopanda zenera katatu patsiku sangakhale ndi maso oyera, kaya adontheze chiyani. Phikirani pamalo podutsa mpweya, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo mbaula zosunga nkhuni monga chitetezo mbaula zimachepetsako utsi.

Pumitsani maso. Munthu akamayang'ana foni kapena kompyuta amaphethira mochepa, maso n'kuuma. Pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chimene chili patali mamita 6 kwa masekondi 20. Ngati mumakwinya pamphumi kuti muone bwino, kayezetseni maso. Mwina chimene mukusowa ndi magalasi.

Dzitetezeni ku dzuwa ndi chipewa cha khonde, ambulera kapena magalasi a dzuwa. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo si a azungu okha: kwa munthu amene khungu lake likuda m'munsi mwa maso, amenewa ndiwo amaletsa kuti kudako kusapitirire.

Idyani zowonjezera magazi: chiwindi, usipa, nyemba, khobwe, bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Chipatso chowawasa monga malambe, gwafa kapena lalanje chimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa.

Mafuta ogula: othandiza ndi owononga

Mafuta odzola mozungulira maso amathandiza pang'ono, osati mozizwitsa. Werengani zimene zalembedwa pabotolo, osati chithunzi cha pakatoni. Okhala ndi caffeine amaphwetsa kutupa kwa kanthawi. Vitamini C, niacinamide ndi azelaic acid amachepetsa kuda pang'onopang'ono. Hyaluronic acid amasunga chinyezi moti timakwinya ting'onoting'ono sitionekera kwambiri. Retinol amalimbitsa khungu m'kupita kwa miyezi, koma amatha kuyabwa ndi kusupula. Yambani ndi kawiri pa sabata, usiku, ndipo mayi woyembekezera asadzole.

Yesani kaye mafuta atsopano kuseri kwa khutu kwa masiku awiri kapena atatu. Podzola, tengani kadontho kakang'ono ngati njere ya mpunga, n'kumagunda mopepuka ndi chala motsatira fupa lozungulira diso, osafika m'mphepete mwa chikope. Perekani masabata 8 mpaka 12 musanayembekezere kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choopsa chachikulu ndi mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika ndi m'misewu. Ambiri muli hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol ndi betamethasone, ndipo nthawi zina sizilembedwa pabotolo. Masabata oyamba nkhope imawala, n'chifukwa chake anthu amakopeka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Hydroquinone wodzola nthawi yaitali amabweretsa zigamba zakuda bii pamwamba pa masaya ndi m'mbali mwa maso, zovuta kwambiri kuchotsa. Dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa mu zodzoladzola mu 1990 madokotala ataona anthu ambiri atawonongeka nkhope motero. Steroid amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, ndipo akamadzoledwa pafupi ndi diso angayambitse ng'ala kapena glaucoma, matenda amene amapha mtsempha wa diso mwakachetechete. Mercury amawononga impso.

Chimodzimodzinso mankhwala odontheza m'maso. Amene muli dexamethasone kapena steroid wina amayeretsa diso lofiira mofulumira, koma si ogula mwachisawawa. Ena ataya maso chifukwa chowadontheza miyezi yambiri popanda dokotala. Musathire m'maso madzi a masamba, mandimu, shuga, mkodzo kapena mkaka wa m'mawere. Mankhwala otsukira mano ndi soda musaziyandikitse ku zikope. Chosavulaza pa maso ouma ndi madzi odontheza ongonyowetsa, amene amapezeka ku famase.

Luso la zophoda

Zophoda sizichiritsa, koma ndiyo njira yachangu ndi yotsika mtengo yobisira kuda. Cholakwika chofala ndi kupaka chobisira kuda chotchedwa concealer, koma n'kusankha woyera kwambiri, amene pakhungu lakuda amaoneka wotuwa ngati phulusa. Yambani ndi kupaka pang'ono mtundu wa olenji, kapena wofiirira ngati khungu lanu ndi lakuda kwambiri, pamalo oderapo okha. Pamwamba pake ikani concealer wofanana ndi khungu lanu kapena wowalirapo pang'ono chabe, kenako phoda pang'ono. Mukachulutsa, zimalowa m'makwinya n'kuwaonetsa kwambiri.

Kwa amene maso awo amaoneka achisoni, chinsinsi chili m'nsidze ndi pakona yakunja ya diso. Mchira wa nsidze usatsike kwambiri. Mzere wa pensulo pachikope cha m'mwamba uthere mokwera pang'ono kuloza ku litsipa, osati motsatira kutsika kwa diso. Kuzunguliza diso lonse ndi mzere wakuda wokhuthala kumalichepetsa. Tsitsi lomata la m'zikope lolemera kwambiri limagwetsa chikope, ndipo guluu wake ena amawatupitsa. Musabwerekane pensulo kapena mascara, sinthani mascara pakatha miyezi 3, ndipo musagone musanasambe zophoda.

Jakisoni ndi laser

Njira izi zimapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, makamaka ku Johannesburg, Cape Town, London ndi kwina kumene abale athu ambiri akukhala. N'zodula, ndipo zambiri n'zobwerezabwereza.

Filler ndi mankhwala onga phala amene amabayidwa pansi pa khungu kuti adzaze malo olowa. Amathandiza vuto la mthunzi lokha. Odziwika ndi a hyaluronic acid monga Restylane ndi Juvéderm, ndipo amakhala miyezi 6 mpaka 18, nthawi zina kuposerapo. Ubwino wa mtundu umenewu ndi woti zikalakwika pali mankhwala otchedwa hyaluronidase owasungunula. Kwa munthu wa timatumba kapena wotupatupa maso, filler amawonjezera vutolo. Angasiye timabulu kapena kutupa kosatha, ndipo mwa apo ndi apo akalowa mumtsempha wa magazi amapha khungu la pamalopo ngakhale kuchititsa diso kusaonanso. N'chifukwa chake wobaya ayenera kukhala dokotala wodziwa bwino mmene mitsempha ya kumaso imayendera. Musalole kubayidwa silicone kapena chilichonse chimene akuti n'chosatha.

Botox amafooketsa kwa kanthawi timinofu tokwinya khungu. Amasalaza makwinya a m'mbali mwa maso ndi a pakati pa nsidze, ndipo angakweze mchira wa nsidze pang'ono. Amayamba kuoneka pakatha masiku angapo, amafika pachimake pa masabata awiri, ndipo amatha pakadutsa miyezi 3 kapena 4. Sachotsa kuda kapena timatumba. Akabayidwa molakwika amagwetsa chikope kwa masabata angapo, lomwe ndi vuto lomwe munthu amathawa lija. Ku England, kuyambira mu 2021, n'kulakwira lamulo kubaya Botox kapena filler munthu wosakwana zaka 18 pofuna kukongoletsa.

Laser ndi mankhwala osupula khungu amagwiritsidwa ntchito pa kuda ndi makwinya. Apa ife a khungu lakuda tiyenera kusamala kwambiri, chifukwa khungu lathu likapsa kapena kuvulala limasiya chipsera chakuda kuposa poyamba. Makina ena, monga Nd:YAG, amayenererana bwino ndi khungu lakuda kusiyana ndi ena. Funsani ngati dokotalayo anathandizapo anthu a khungu ngati lanu, ndipo pemphani kuti ayese kaye pamalo aang'ono.

Opaleshoni

Pa khungu lolendewera ndi timatumba ta mafuta, chimene chimathetsadi vuto ndi opaleshoni ya zikope, imene madokotala amati blepharoplasty. Pa chikope cha m'mwamba amacheka motsatira mpindiro wa chikope, kuti chipsera chibisike, n'kuchotsa khungu lochuluka. Pa cha m'munsi amatha kulowera m'kati mwa chikope n'kuchotsa kapena kusuntha mafutawo osasiya chipsera kunja. Imatenga ola limodzi kapena awiri, kawirikawiri atangochititsa dzanzi pamalopo. Ulusi amachotsa pakatha masiku 5 mpaka 7, ndipo kutupa kumatha m'masabata awiri kapena kuposerapo. Zotsatira zake zimakhala zaka zambiri.

Ngati vuto ndi mnofu wokweza chikope, opaleshoni yake ndi ina, yofupikitsa kapena kulumikizanso mnofuwo. Ngati ndi nsidze zimene zatsika, kudula khungu la chikope kokha sikuthandiza mokwanira. Apa m'pamene kupimidwa ndi katswiri kumapulumutsa ndalama. Chikope chikamatchinga kuona, imeneyo ndi nkhani ya umoyo, ndipo madokotala a maso m'zipatala zazikulu ndiwo oyenera kuiona.

Opaleshoni ili ndi zovuta zake: maso kuuma, zikope kusatsekeka bwino ngati achotsa khungu lambiri, maso kusafanana, ndipo mwa kamodzikamodzi magazi kuchucha kuseri kwa diso mpaka kuliwononga. Muuzeni dokotala ngati muli ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, vuto la chithokomiro, maso ouma, ngati zipsera zanu zimatukuka, kapena ngati mumamwa aspirin ndi mankhwala ena osungunula magazi.

Musanalipire, funsani izi

Kodi amene andithandizeyu ndi dokotala wolembetsedwa? Ku Malawi olembetsa ndi a Medical Council of Malawi, ku Zambia ndi Health Professions Council of Zambia, ku South Africa ndi HPCSA, ndipo ku Britain ndi General Medical Council. Kodi vuto langa kwenikweni ndi liti, ndipo njirayi ilithetsa bwanji? Dzina la mankhwala amene mundibaye ndi chiyani, ndipo ndingaone botolo lake lisanatsegulidwe? Zikavuta usiku ndipite kuti? Mtengo wonse ndi zingati, kuphatikizapo kubwereza? Wokukakamizani kulipira lero lomwe, wobayira anthu m'saluni kapena m'chipinda cha hotelo, ndi wolonjeza kuti palibe choopsa chilichonse, musiyeni. Ngati mwapita kunja kukachitidwa opaleshoni, khalani komweko mpaka ulusi utachotsedwa ndipo dokotala wakuonaninso.

Kumbukiraninso kuti maonekedwe ena ndi a kubanja. Ngati mayi anu, azakhali anu ndi agogo anu ali ndi maso otero, amenewo si matenda, ndipo simukakamizidwa kuwasintha chifukwa cha mafunso a anthu. Koma ngati mwasankha kuchitapo kanthu, tsatirani ndondomeko yake: yambani mwatsimikiza kuti si matenda, konzani tulo, mchere, utsi ndi dzuwa, yesani mafuta oyenera kwa miyezi itatu, ndipo jakisoni ndi mpeni zikhale zomalizira, m'manja mwa dokotala wodziwika. Makwinya ndi mthunzi munthu amakhala nazo bwinobwino mpaka kukalamba, koma diso likawonongeka silibwereranso. Samalani maso anu.